Wina asayang'ane mbale ya mnzake

Lolemba, 9 Juni
Sabata yachitatu mng'ono wanga ali pakhomo panga. Amayi anamutumiza kuno atakomoka ku koleji, mafupa okhaokha. Akuti ine ndine wolimba mtima. Kulimba mtima kwake kuti? M'mawa uno dzira limodzi, mphindi makumi anayi. Kulidula tizidutswa, kutisuntha uku ndi uku ngati akusankha miyala mumpunga. Anesi akuchipatala, kumene akumuthandiza vuto lokana kudyali, anati ndizikhala naye podya, ndisamukalipire, ndisanene kanthu za thupi lake. Ndakhala. Ndaluma lilime mpaka kuwawa. Kushopu ndafika mochedwa, makasitomala awiri ali chilili, madiresi awo osapinda m'munsi.

Lachitatu, 11 Juni
Tepi yanga yoyezera inasowa. Telala wopanda tepi. Ndasanthula nsalu zonse, ndanamizira mnzanga wa makina apambali. Madzulo ndaipeza pansi pa pilo wa mtsikanayu. Amadziyeza m'chiuno. Sikelo ndinapatsa aneba, nsapato zake zothamangira ndinakhomera m'kabati. Tsopano ndizibisanso zida zanga zantchito? Nditamufunsa anangoti, "Achemwali, mukanamva phokoso lili m'mutu mwangamu." Mawu ndinali nawo, okonzakonza. Ndameza.

Loweruka, 14 Juni
Akuti akukagula sopo. Ola lathunthu. Wabwera thukuta kamukamu, sopo palibe. Aneba amuona akukwera ndi kutsika masitepe akuseri, atavala masilipasi. Ndakalipa. Zonse zimene anesi analetsa ndanena. Kuti akutizunza. Kuti ena akugona ndi njala osafuna. Walira, nane ndalira, mpunga wapserera.

Lachisanu, 20 Juni
Sabata yabwinoko. Kugulu la kuchipatala la azimayi odwala ngati iye wapita kawiri, yekha, osakankhidwa. Dzulo wamaliza mbale, nyemba ndi zonse. Mtima unafuna kuvina. Ndangotsuka ziwiya ngati palibe chachitika.

Lamulungu, 22 Juni
Azakhali. Ndinawaimbira kawiri konse kuwachenjeza. Kungokhala patebulo: "Koma wanenepa bwino mwanawe, masaya abwerera." Akuti kuyamikira kumeneko. Mtsikana waika supuni pansi. Basi. Ntchito ya mwezi wathunthu yathera pompo. Powaperekeza akundiuza kuti amenewa ndi matenda a anthu okhuta, angofunika mwamuna. Mulungu andikhululukire zimene ndinawaganizira podikira basi.

Lachiwiri, 24 Juni
Tiyi wopanda shuga. Theka la nthochi. M'bafa akudumphadumpha, mpope atautsegula kuti ndisamve. Ndaimbira anesi. Akuti kubwerera m'mbuyo kumachitika, tibwere Lachinayi. Kumachitika. Iwo sakhala patebulo pano.

Lachinayi, 26 Juni
Kuchipatala. Anesi anati nane ndilowe. Anamufunsa chimene chimamuvuta kwambiri pakhomo. Ndimati atchula azakhali. Watchula ine. Akuti ndimamuwerengera masupuni ndi maso pamene mbale yanga ili mbee, osaikamo kanthu. Akuti ndikaima pagalasi ndimadzitsina pamimba n'kumati, "Taonani chimimbachi." Ndinakana. Anesi anandifunsa kuti chamasana ndinadya liti komaliza. Ndinayamba za makasitomala, za maoda a ukwati.

Ndakwiya naye, ndakwiya ndi anesi. Ine ndine wosamalira wodwala, asandisokoneze. Koma zoona, liti? Lachisanu lija? Ayi, linali tiyi.

Lachisanu, 27 Juni
Masana watulukira kushopu, makontena awiri m'jumbo, masupuni awiri. Wachotsa nsalu ya kasitomala patebulo lodulira, osapempha n'komwe. "Ine zanga, inu zanu. Wina asayang'ane mbale ya mnzake." Mwana amene ndinamubereka kumsana, lero akundipatsa malamulo mushopu mwanga, mnzanga wa makina apambali akuseka chamumtima.

Tadya titayang'ana kukhoma. Zanga ndamaliza. Zake kaya, anatseka kontena ndisanacheuke. Khosi likundiwawabe ndi kudziletsa kucheuka.