Lameki anakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi osalemba

Amayi, kaya muli bwanji kumene muliko?

Kuno ku Ntchisi mvula inasiya, misewu yayamba kupitika. Chimanga cha m'munda mwanu ku Bowe tinakolola, chinachita bwino kuposa chaka chomwe tinakuikani, kungoti anankafumbwe atilowera m'nkhokwe. Nkhani yaikulu ndi yakuti Naomi, mpongozi wanu, wachira kuchipatala cha Madisi. Mwana ndi wamkazi, mphumi ngati yanu. Dzina sanapatsidwe, chifukwa bambo wake, Lameki, sakudziwa kuti wabadwa.

Ndikufotokozereni bwinobwino. Mukumudziwa Lameki, pakamwa pake sipatsekeka. Pasukulu pomwe amaphunzitsa, ana a matenanti a pa esiteti ina yapafupi ankasowa m'kalasi nyengo yosankha fodya ikafika. Iye anayamba kuwalondola n'kumacheza ndi makolo awo, anthu ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, opanda kolowera. Zimene ankamvazo ankazilemba pa intaneti, pa tsamba lake lomwe amati bulogu. Ili ngati kope lolembamo za tsiku ndi tsiku, koma aliyense angathe kuwerenga, ngakhale mwini esitetiyo. Ndipo anawerengadi.

Amuna awiri anafika pagalimoto kunyumba kwa Lameki, iye kulibe, n'kumufunsa Naomi kuti aphunzitsi amabwera nthawi yanji. Lameki anachoka tsiku lomwelo. Anadzera kuofesi kwathu kuno ku Boma, kumene ndimataipa makalata, nandiuza kuti foni azimitsa, wina asamuimbire. Kenaka anakhala pa kompyuta yanga n'kundiikira kanthu kotchedwa fidi. Intaneti yathu imadzera pawaya wa telefoni, imachedwa, ndipo abwana amandilola kanthawi kochepa m'mawa. Tsono m'malo motsegula masamba limodzilimodzi, fidiyo imasonkhanitsa zatsopano pamalo amodzi. Munthu akangolemba, dzina lake limaoneka ndi zilembo zakuda bii.

"Achemwali, mukaona dzina langa lada, dziwani kuti ndili moyo," anatero.

Nthawi ya chipani chimodzi munkatiuza kuti, "Yambani mwatseka chitseko, kenaka mulankhule." Titavota munasiya kunena zimenezo, ndipo munapita mukukhulupirira kuti mantha aja anatha. Inenso ndinkaganiza choncho.

Sabata ziwiri zoyambirira ankalemba. Kenaka zii. Pa fidi paja anandiikiranso mabulogu a anthu ena, namwino wina wa ku Blantyre ndi mtsikana wophunzira kunja. Mayina awo ankada pafupifupi tsiku lililonse, la Lameki ayi. Ndinkadina mobwerezabwereza mpaka abwana kutsokomola. Naomi akandiimbira ndinkamunamiza kuti waya wa telefoni waduka. Matenda anamuyamba m'masiku omwewo, ndipo m'chipatala anangondiyang'ana osafunsanso.

Pali china chimene sindinauze munthu. Lachiwiri la sabata yatha kunabwera bambo wina wovala jekete lachikopa, akuti akufuna ndimutaipire kalata. Anaima kumbuyo kwanga, maso pa kompyuta, osati pa pepala. Anandifunsa ngati ndine mlongo wa mphunzitsi uja wolemba za fodya. Ndinati sindikumudziwa. Ndinamukana mwana wanu, Amayi, yemwe ndinkamubereka kumsana inu mukupalira. Bamboyo anaseka pang'ono n'kutuluka, kalata yake osatenga.

Lero m'mawa, tsiku la makumi awiri, dzina lada. Ndinadina nthawi yomweyo. Walemba mwachidule. Akuti masiku onsewa amayenda wapansi m'mapiri, kopanda magetsi, kufunafuna makolo omwe anathamangitsidwa pa esiteti paja, ndipo ena avomera kulankhula. Lachisanu apita nawo kuofesi yoona za antchito ku Dowa. Walemba tsiku, walembanso malo, poyera, kuti aliyense adziwe. Ndinayamba kuthokoza Mulungu, pemphero lisanathe ndinazindikira kuti bambo wa jekete uja akuwerenga zomwezi.

Pansi pa nkhani yake pali malo oyankhapo. Ndinataipa kuti, "Naomi wachira, ndi wamkazi." Ndinakhala ndikuyang'ana mawuwo mpaka nthawi yanga kutha, kenaka ndinafufuta. Sindikufuna anthu aja adziwe kuti panyumba paja pali khanda.

Lachisanu ndi mkuja. Ndapempha kale tsiku kwa abwana, ndipo ndikwera matola oyamba. Kaya tikapeza chiyani pakhomo la ofesi ija, sindikudziwa. Koma ndikulonjeza kuti ndikaima pambali pake, ndipo wina akandifunsanso ndikamuuza dzina langa lonse. Za mwana ndikamunong'oneza ndekha asanalowe.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Esinati