Kapu Imene Ndinawalanda Amalume

Kanyama, Lusaka
Mwezi wa Okotobala

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Kodi thupi likuti bwanji ndi kutentha kumeneku? Bondo lija likupwetekabe? Mankhwala opaka aja ndinati muzipaka m'mawa ndi madzulo, osati kudikira kuti ululu ukule, ndipo ndikudziwa kuti simukutero. Ife kuno tili moyo. Ndikati tili bwino ndiye kuti ndanama.

Kalatayi ndapatsira amayi a Magdalene, aja amabweretsa mtedza kumsika wa Soweto. Ndikanaimba, koma foni ya pakhomopo ndi ya amalume a Mathews, ndipo chichokereni kuno sakundiyankha. Deborah mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi. Usadumphe mawu, ngakhale owawa.

Zimene amalume akunena kumeneko ndazimva: kuti Salome anawamana madzi, anawalanda kapu pakamwa anthu akuona, choncho Tiwo, mwana wa munthu womana madzi, asadzaponde pachitsime cha pamudzi wa makolo awo. Zoti ndinawalanda kapu n'zoona, sindikukana. Koma mumve kaye kuti m'kapumo munali madzi otani.

Mukudziwa kuti ndimayeza madzi kukampani imene imagulitsa madzi kuchigawo chathu chino. Thanki, mapaipi ndi mipopi kale zinali za khonsolo, kenako zinagulitsidwa kwa mwini kampaniyi. Anthu akhala akudandaula za mtengo mpaka khonsolo yayamba kuganiza zoziwombola. Kuganiza! Mawu amenewa tinayamba kuwamva inu musanakolole. Akakumana amatuluka n'kutiuza kuti akuganizabe.

Mwini kampani atangomva kuti mwina agulitsa, anamanga thumba. Mankhwala ophera tizilombo m'madzi, kolorini, tsopano timathira ngati mchere wa m'phala la wodwala. Paipi ikaphulika saisintha, amangoikulunga ndi malegeni n'kukwirira. Abwana athu, a Chibwe, anatiuza mosabisa kuti mbuzi yoti ipita kumsika mawa saigulira madeya. Koma penti yokha inapezeka. Thanki aipaka yabuluu, ikuwala ngati mkwatibwi, kuti odzaona mtengo wake akabwera asangalale.

Ndikufotokozereni bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kuno pansi ndi mwala wokhawokha. Mapaipi sanapite pansi kwenikweni, ndipo amadutsa m'mbali mwa zimbudzi. Magetsi akazima pampu imaima, paipi n'kutsala yopanda kanthu, ndiye imayamwa zonse zimene zili kunja kwake kudzera m'ming'alu, monga mwana amayamwira madzi ndi bango. Magetsi akabwera, zonsezo zimakatulukira kumpopi. Madziwo amaoneka oyera mbee, Amayi. N'chimene chimandiopsa. Diso la wotunga siliona kanthu. Ndimaziona ine kuntchito, zitamera m'timbale toyezera.

Nditawaonetsa a Chibwe, anati ndizitunga madzi oyeza pathanki pokha, pamene kolorini asanathe mphamvu. Ine ndimatunga pathanki monga anena, ndimatunganso kumipopi ya kumapeto, n'kuwaikira zonse patebulo. Amangokankhira pambali. Ati ndili ndi mtima wa nkhuku yothawa chithunzithunzi cha mphamba.

Ndinapita kwa a Kombe, wapampando wa komiti ya anthu a m'dera lathu, amene amafuula kwambiri pamisonkhano kuti madzi abwerere kwa eni ake. Ndinkaganiza kuti akamva adumpha. Anaseka, Amayi. Ati zimenezo ndiye zabwino, mapaipi aole ndithu, chifukwa akaola mwini kampani sadzatha kutchula mtengo wokwera. Ndinawafunsa kuti pamene tikudikira mtengo kutsika, ana azimwa chiyani. Ati ba sisita, musathamange, nkhondo iliyonse imakhala ndi ovulala. M'galimoto mwawo munali mabotolo a madzi a m'sitolo. Ndinawaona ndi maso anga.

Ndiye taonani mmene tilili. Wogulitsa sakonza chifukwa akuchoka, wogula sakonza chifukwa sanafike, ndipo wotiyankhulira akupempherera kuti zinthu ziipe. Pakati pa onsewa pali mpopi umene Tiwo wanga amamwapo.

Musaganize kuti ndinakhala chete kwa anzanga a pamzere wa zigubu. Ndawauza kuti aziwiritsa madzi mpaka pakamwa pauma. Amandiyankha m'chinyanja chawo cha m'tauni, ati ba Salome, mutigulitsa manzi, futi mufuna tigule na malasha, kapena na malasha mugulitsa ndimwe? Wina anati mimba zawo zinazolowera kale, za anthu a ku koleji ndiye zosachedwa kulira. Tsopano ndikamadutsa amati abwera ba Kolorini, bisani makapu. Ndimaseka nawo, nanga n'kutani. Makala adula zoona, sindingawatsutse.

Kunyumba kwanga kuli ndowa ziwiri. Yofiira ndi ya madzi a kumpopi, ochapira ndi kukolopera. Yoyera, yokhala ndi chivundikiro, ndi ya madzi owiritsa. Ndinazilemba ndi mawu omwe. Koma Tiwo sanayambe kuwerenga, ndipo yoyera ndimaiika pamwamba.

Tsiku limenelo amalume anachokera kumaliro ku Chawama, kuno ku Lusaka, atavala suti yawo ya kutchalitchi, thukuta lili kamukamu. Anafika ine ndisanaweruke, bambo a Tiwo ali kuntchito. Anapeza mwana ali ndi amayi oyandikana nafe. Tiwo anachita zimene inu munandiphunzitsa, ine n'kumuphunzitsa iye: anathamangira m'nyumba, n'kutunga m'ndowa imene msinkhu wake umafikira, n'kukagwada. Ine ndikulowa pampanda, ndinaona kapu ikukwera kupita pakamwa pawo, ndipo ndowa yofiira ili pakhomo yosavundikira. M'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditaona zimene zinamera kuchokera kumpopi wathu. Sindinaganize za ulemu. Sindinapereke n'komwe moni. Ndinangoilanda, madzi n'kutayikira pa suti.

Ndinagwada, ndinapepesa, ndinathamangira madzi owiritsa. Anakana kulandira. Anati iwo akula mpaka imvi asanaonepo munthu akumana mlendo madzi, ngakhale mfiti yodziwika amaipatsa madzi kenako n'kuiperekeza. Anati sukulu imene anandigulitsira ng'ombe yandiphunzitsa kuona abale ngati ntchentche. Ndinayesa kufotokoza za mapaipi ndi zimbudzi, amayi oyandikana nafe ali chilili kumvetsera. Amalume anandisiya ndimalize. Kenako anandifunsa kuti ngati madziwo ndi poizoni, bwanji ine ndimadzuka m'mawa uliwonse kukagwira ntchito kwa amene amawagulitsa.

Amayi, mpaka lero funso limenelo ndimadya nalo, ndimayenda nalo. Chimene ndinganene n'chakuti ndikasiya, adzalemba wina wotunga pathanki pokha, ndipo sipadzakhalanso woona kanthu. Kaya limenelo ndi yankho kaya ndi mantha a njala, Mulungu ndiye adziwa. Amalume ananyamula chikwama chawo n'kubwerera ku Chawama osalawa kanthu m'nyumba mwanga.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. M'nyumba mwanga Tiwo ndingamuteteze, koma mwana sakhala m'nyumba. Amasewera m'makomo mwa anthu, ludzu likamugwira amapempha madzi, ndipo amamupatsa, chifukwa anthu ake ndi abwino, palibe amamana mwana madzi. Mwambo womwewo umene amalume akundiimbira nawo mlandu ndi umene udzandiphere mwana. Sindingayende khomo ndi khomo kuwauza kuti mwana wanga akalira ludzu mumukanize. Sabata yatha ndinamupeza ndi anzake atagwada pamene paipi inaphulika, akumwa ndi manja. Mwana wa pakhomo lachitatu watsegula m'mimba, ali kuchipatala. Akuti ndi mango osapsa.

Bambo a Tiwo, a Silas, poyamba ankati ndimada nkhawa ndi mvula ya chaka chamawa, ati tsiku lina ndidzawiritsa ndi mpweya womwe. Ataona mwana uja akumunyamula ali lende, anasiya nthabwala. Avomera zimene ndikupemphazi, ngakhale zikuwawawa, chifukwa akaweruka kuntchito kwawo ku Indasitiriyo amene amawachingamira pamsewu ndi Tiwo.

Mitambo yayamba kusonkhana masana. Inu kumeneko mukaiona mumakonza mbewu, ine ndikaiona ndimaganiza za mapaipi. Mvula ikagwa kuno madzi salowa pansi, amangoima m'njira, zimbudzi n'kusefukira, mapaipi a malegeni aja ali m'kati momwemo. Mukukumbukira chaka cha kolera chija, mmene munkandiimbira tsiku ndi tsiku. Nthawi imene ija n'kuti kolorini tikuthira wokwanira.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amalume, inu mlongo wawo, mukawagwire mwendo kuti abweze mawu awo, Tiwo abwere akhale ndi inu mpaka mvula itatha. Ine sangandimvere, koma inu sanakukanizenipo chinthu. Pakhomopo mwini mbumba ndi iwo, ndipo sindifuna kulowetsa mwana mozemba ngati katundu wakuba. Ngati akufuna nkhuku yopepesera ndipereka, ngati akufuna ndidzagwade pamaso pa abale onse ndidzagwada. Mlandu wanga ungadikire mpaka Khirisimasi. Mvula ndiyo sidikira. Akalola, Deborah akwere ndi amayi a Magdalene paulendo wawo wotsatira adzamutenge. Zovala ndachapa kale, khadi la kusikelo ndaika m'thumba la pulasitiki, ndipo nsapato zake zina n'zothina, musamukakamize.

Chitsime chathu ndinachiyang'ana bwino nditabwera chaka chatha. Chivundikiro chake n'cholimba, khola lili kumunsi kwake, chimbudzi chili kutali. Amalume anachikumba pamalo oyenera. Ine wa satifiketi ya madzi ndikupempha madzi kwa iwo, ndipo ngati akufuna kuseka aseke.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa alamu anga ndi ana, ndi kwa amayi a chigwirizano amene amandipempherera. Deborah, zikomo powerenga, ndipo uwakumbutse Amayi za bondo. A Silas akuti moni kwa apongozi awo.

Moni womaliza upite kwa amalume, ngati angaulandire. Muwauze kuti chichitikireni zija, Tiwo sapatsanso mlendo madzi. Munthu akagogoda amakabisala kuseri kwa chitseko, akuganiza kuti wolakwa anali iye. Ine ndalephera kumuchotsa mantha amenewo, poti ndine ndinamuika. Akafika kumeneko, amalume adzamuitane n'kumupempha madzi. Kugwada amadziwa. Adzamwe mpaka kapu iume, palibe adzawalande.

Ndine mwana wanu wosowa mtendere,
Salome