Mpunga muwokera nokha

Bambo a Ipyana,

Ndakwera minibasi ya ku Mzuzu, ndikukauza dokotala kuti opaleshoni ya msana ija ndavomera.

Ndikudziwa munati tikolole kaye mpunga. Chaka chathanso munatero, ndipo lero nsapato akundiveka ndi mwana. Zoti mwina ndikhoza kupuwala anandiuza, mantha ndili nawo, koma mankhwala anu aja oti "pirira mayi" ndamwa okwanira.

Mbande ku Wovwe zakula, zikufunika kuwokera sabata ino. Pepani, muwerama nokha. Poti mumati msana umangozolowera, simuvutika. Ipyana asajombe kusukulu chifukwa cha munda.

Kuchipatala akafuna wachibale wosaina ndikuimbirani. Foni yanu ikapezeka yozima ngati masiku onse, musadandaule, mlongo wanga Bruce nayenso amatha kugwira cholembera.

Mayi a Ipyana