A Vogel Andifunsa M'Chichewa

Lachinayi, Novembala 2006, Romford

Kwazizira, miyendo ikuwawa, koma zimene ndaona lero kuntchito sizikundichoka m'mutu.

Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli a Vogel, Mjeremani wa zaka 91. Anathawa kwawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, n'kuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki kuno kwa Angerezi zaka makumi anayi. Maso anafa. Mwezi watha anandimva ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, basi n'kuyamba kundifunsa mawu. Ndinkangowayankha kuti nthawi ipite: munthu, anthu, dzanja, manja. Salemba paliponse.

Lero ndikuwapatsa mankhwala, andigwira mkono n'kunena pang'onopang'ono m'Chichewa: "Mayi, ana anu amalankhula chinenero chanu?"

Mawu amenewo sindinawauzepo motero. Awalumikiza okha m'mutu, osaphonya ngakhale pamodzi!

Ndawauza zoona, kuti mwana wanga Tadala amamva koma amayankha m'Chingerezi. Apo a Vogel abwerera ku Chingerezi. "Zinenero zimene ndinkaphunzitsa ndinazipeza zitafa kale, panalibe mwini wake woti ndimufunse. Chijeremani ndinam'mana mwana wanga chifukwa cha manyazi a nkhondo. Mumuuze mtsikanayo kuti kuno kuli nkhalamba ikufuna mphunzitsi Lamlungu."

Ndamuuza Tadala tikudya. Waseka, wasewera ndi foloko, kenako wafunsa m'Chichewa chake chokhotacho: "Amayi, nanga ndikakalakwitsa?"

Sindikukumbukira kuti anandiyankha liti komaliza m'chinenero chathu.