Dzanja Limene Ndinalidumpha

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga. Kodi wamng'ono uja chifuwa chinamusiya? Kuno tilipo. Mayi ako bondo likuwavutabe, koma pakamwa pokha ndiye ali ndi moyo, ndimawamva ndikadali kumsewu.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni umandidula mawu. Nkhaniyi ikukhudza ntchito yako ija yokhala kumbuyo kwa kalasi n'kumayeza aphunzitsi. Nafenso yatipeza.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa msinkhu wako. Anakhala pa desiki yakumbuyo, pepala pamwendo, wotchi patsogolo. Pakatha mphindi zisanu zilizonse ankadzutsa mutu, kumwaza maso, n'kuchonga m'kabokosi ka papepalapo. Ana anamutcha Mayi Wotchi tsiku lomwelo.

Mwa ana 68 a m'kalasi mwanga muli mtsikana wina amene anzake amamutcha Kachete. Akubwereza kalasi yachitatu, ndipo anali asanawerengepo liwu ndi limodzi lomwe. Tsiku limenelo ndikudutsa pakati pa madesiki ndinamumva akunong'ona, chala chili pabuku. Nditawerama ndinapeza kuti akulumikiza zilembo yekha.

Mwana wanga, za mlendo ndinaiwaliratu. Ndinauza enawo kuti azikopera za pabolodi, ine n'kugwada pambali pake. Tinalimbana ndi mzere umodzi mpaka belu linalira. Anaumaliza. Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu, mpaka mayi ako anandinunkhiza m'kamwa.

Patatha sabata ahedi anandiitana ku ofesi. Ati ndapeza ziwiri pa zisanu. Pepala linati phunziro silinafike kumapeto, mafunso ndinafunsa atatu okha, ana sanakhale m'magulu, ndipo kwa mphindi makumi awiri ana ambiri anali ngati alibe mphunzitsi. Ndinaliwerenga kawiri. Bodza munalibe, zonsezo zinachitikadi. Koma kabokosi ka mwana amene wawerenga koyamba ndinakafunafuna osakapeza.

Ahedi anati sandibisira: wopeza ziwiri kawiri amuchotsa m'kalasi, akasunge mabuku. Zaka makumi atatu choko chili m'manja, kwatsala ziwiri kuti ndipume, ndiye ndikathere kuthamangitsa njenjete m'makatoni?

Tsopano nachi chimene ngakhale mayi ako sakuchidziwa.

Titamva tsiku lobweranso Mayi Wotchi, ndinaphunzitsa phunziro limodzi lomwelo masiku atatu otsatizana. Mwana aliyense amene ndinamusankha anadziwa funso lake ndi yankho lake. Kukoka madesiki kuti akhale m'magulu tinayeserera mpaka kunkatenga mphindi imodzi. Tsikulo litafika zonse zinayenda ngati kwaya.

Kachete sindinamupatse funso pokonzekera paja. Koma anakweza dzanja, koyamba chilowere m'kalasi mwanga. Ndinamuona bwinobwino. Ndinadziwanso kuti ndikamuloza adya mphindi zinayi pa mzere umodzi, wotchi ikuyenda. Ndinaloza wakumbuyo kwake. Anakwezanso, ndinamudumphanso. Kachitatu dzanjalo linangofika pakhutu n'kubwerera.

Ndinapeza zisanu pa zisanu.

Chiyambire pamenepo mutu wanga sukuyenda. Ahedi akundigwira chanza m'mawa uliwonse ngati ndachokera kutali. Ati Lachisanu la sabata yamawa kukubwera aphunzitsi a m'sukulu zina zinayi kudzaonera kaphunzitsidwe kanga. Ndiwaonetse chiyani? Sewero lija? Kapena ndigwade pambali pa mwana mmodzi, iwo azionera msana wanga?

Wondisokoneza kwambiri ndi Mayi Wotchi mwini wake. Tsiku limene anabweranso lija anandipeza pakhonde ndikukuntha dasitala. Anati wazindikira kuti anawo analoweza, chifukwa wina anayankha funso ndisanalimalize, koma iye amachonga zimene waona, osati zimene akuganiza. Kenako anati phunziro loyamba lija anakalisimba kwawo, ndipo silimuchoka m'mutu.

Ndinamufunsa kuti nanga labwino ndi liti. Anati loyambalo linali labwino kwa mwana mmodzi, n'kundifunsa kuti ena 67 aja anapita kwawo ndi chiyani tsiku limenelo. Mpaka lero yankho ndilibe.

Ndiye usaganize kuti ndikunyoza ntchito yako. Mwina pepalalo laona chimene ine sindinkachiona. Mwina zaka zonsezi ndakhala ndikukumbukira mmodzi amene ndinagwada pambali pake, n'kuiwala khamu limene linkakopera za pabolodi. Komanso pepala lomwelo landipatsa zisanu tsiku limene ndinachita manyazi ndi ine mwini. Ndiye likuyeza chiyani? Ine, kapena mantha anga?

Kachete sakukwezanso dzanja. Dzulo ndinamuloza ndekha kuti awerenge. Anangoyang'ana pansi, n'kunena motsitsa kuti ndiloze odziwa. Mwana wa zaka khumi kundiuza ine zimenezo.

Mwana wanga, ndithandize, iwe ndiye ukudziwa za mabokosizi. Kodi ndikaulule kwa ahedi? Ndikaulula, zisanu zija azifufuta n'kunditumiza kumabuku? Nanga iwe ukakhala kumbuyo kuja n'kuona bambo wachikulire akuchita zimene ndinachitazi, umamuona bwanji? Usandinyengerere.

Ndikupemphanso chinthu china. Ukapeza tchuthi ubwere, koma usandiuze tsiku. Ungolowa, ukhale kumbuyo ndi pepala lako, undichonge ngati munthu wosamudziwa. Ukatha ulipinde, ulilowetse m'chikwama, kenako undiuze monga mwana wanga ngati ndikadali mphunzitsi.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa apongozi ako. Adzukulu anga uwauze kuti agogo akuwasowa. Mayi ako akuti usamagwire ntchito osadya. Mulungu akusungeni nonse, akupatse nzeru zoposa za bambo ako.

Ukamayankha usalembe kunyumba kuno, ulembe kusukulu. Chonde yankho lifike Lachisanu lisanakwane.

Ndine,
Bambo ako