Foloko ya Idrisse

Lolemba, 8 Julho

Kuzizira kwa chaka chino kwandikwana. Zala sizigwira sipanala mpaka dzuwa litakwera.

M'mawa kwabwera Idrisse, mwamuna wa mlongo wanga Sumaia. Akufuna nditalikitse foloko yakumbuyo ya mota yake, njinga yamoto, chitsulo chija chogwira tayala lakumbuyo. Akuti Lamulungu lililonse iye ndi anzake a mota amathamangitsana pa msewu wowongoka uja kunja kwa tauni, ndiye akangonyamuka mwamphamvu tayala lakutsogolo limadzuka m'mwamba, anzake n'kumusiya. Foloko ikatalika mota imagwira pansi. Waziona pa foni.

Ndamuuza mosabisa. Mota imeneyi ndi mbale yako yodyera. Lolemba mpaka Loweruka umanyamula anthu ndi matumba a mbatata, mkazi wako ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri ndipo amakwera yomweyo. Foloko yaitali pokhota imakana, m'maenje imavutika. Iye kuseka. "Alamu, ngati simungathe ingonenani. Casimiro wa ku Sanjala akuti tsiku limodzi basi. Paja iye anaphunzira kusukulu."

Kusukulu. Ine zaka makumi awiri ndikuwotcherera ku Lulimile kuno, palibe anandigwira dzanja. Ndamuuza abwere nayo mawa.

Mkazi wanga Assia akuti wofuna kundigwiritsa ntchito yopusa angotchula dzina la Casimiro.

Lachiwiri, 9 Julho

Yatha. Ndadula mbali zonse ziwiri, ndalumikiza zidutswa za paipi yokhuthala, kutalika chikhatho chimodzi ndi zala zitatu. Tcheni ndawonjezera, kachitsulo ka buleki ndasintha, ndayeza ndi chingwe kuti matayala alunjikane. Penti wakuda pamwamba. Ikuoneka ngati galu akudziwongola, koma mwiniwake wakondwa, zithunzi mbali zonse.

Maeletirodo, timitengo tachitsulo towotcherera tija, anavuta. Paketi yake ndinaiiwala pansi mu shedi kuyambira Lachisanu, ndi chifunga cha masiku onsewa. Nthawi zonse ndimayamba ndawaika m'chitini pafupi ndi mbaula ya Assia kuti aume, ola limodzi kapena awiri. Lero Idrisse anali chiimire kumbuyo kwanga, maso pa nthawi. "Casimiro bwenzi atamaliza mbali imodzi." Ndinangotola n'kuyamba. Ankathetheka, kulavula, moto kuzimazima. Koma mzere watuluka wooneka bwino ndithu.

Ndi paketi yomweyo ndawotchereranso mwendo wa benchi ya Dona Conceição, wogulitsa nyemba kumsika.

Msana ukupweteka.

Lachitatu, 10 Julho

Idrisse wadutsa masana ndi matumba awiri a mbatata, mayi wina atakhala pamwamba pake. Wandiimbira huta.

Lachinayi, 11 Julho

Dona Conceição wabweza benchi. Mwendo wathyoka pomwe ndinawotcherera penipeni. Akuti anangokhalapo iye ndi mnzake. Ndinayamba kumukalipira kuti anasanjikapo matumba, kenako ndinayang'ana pothyokapo. Mkati muli timabowo tokhatokha ngati buledi. Kunja kosalala, mkati mulibe kanthu. Ndi chinyezi cha maeletirodo chija.

Benchi, anthu awiri okhala phee. Nanga mota ili pa liwiro lonse?

Ndaikonza bwinobwino ndi maeletirodo ouma, wapita akung'ung'udza. Chakudya sichinalowe. Assia wafunsa, ndati mutu.

Mwina foloko ili bwino. Chitsulo chake n'chokhuthala ndipo ndinadutsa kawiri. Mwina.

Lachisanu, 12 Julho

Nditatuluka ku juma kumzikiti ndinamupeza Idrisse pa siteji pafupi ndi msika, anzake atazungulira mota. Mawu ndinali nditakonza njira yonse. Kufika, ndapeza Casimiro ali pomwepo, atanjuta, akusisita mzere wanga ndi chala.

"Ntchito yabwino iyi, mesitiri," anatero. Ndipo sankanyoza, ndicho choipitsitsa.

Chimene chinatuluka m'kamwa mwanga: "Mlamu, ubwere nayo ndione tcheni."

"Tcheni chili bwino."

"Ndati ubwere nayo."

"Wakutumani Sumaia eti? Mukufuna muifupikitse Lamulungu lisanafike. Ndikukudziwani nonse awiri."

Anzake kuseka. Ine mtima kwera. Ndinamuuza kuti ndi chitsiru chosewera ndi chakudya cha mwana wosabadwa, ndi zina zomwe sindilemba muno. Iye anati ndisadzakhudzenso mota yake. Ananyamula kasitomala n'kupita. Ndinayang'ana tayala lakumbuyo mpaka atakhota.

Ndatopa. Ndatopa ndi pakamwa panga.

Loweruka, 13 Julho

Ndamuuza Assia zonse, ali mkati mochapa. Sanasiye kuchapa. "Inu paja mumanena zoona pamaso pa munthu. Lichinga yonse imadziwa. Bola zikhale za wina."

Ndapita kunyumba kwawo. Idrisse kulibe, wapita kumidzi kukatenga nyemba, ndipo nambala yanga sakuyankha. Sumaia anali pakhonde, miyendo yotupa ataisanjika pa ndowa. Akuti Lolemba amutengera kusikelo pa mota. Ndamuuza asakwere.

"Chifukwa?"

"Foloko ija siili bwino. Ndinalakwitsa ine."

"Achimwene, chibadwire changa mawu amenewo sindinawamvepo kwa inu. Nanga iye akhulupirira?"

Madzulo wandiimbira. Idrisse wafika, wamuuza, iye akuti ndi chiwembu chathu. Akuti foloko yanyamula matumba atatu pa msewu wa fumbi osadandaula, ndiye ilephera bwanji munthu mmodzi pa phula. Sakudziwa kuti matumba omwewo ndiwo akuimaliza.

Lamulungu, 14 Julho

Ndinapita ku msewu kuja ndi nyundo yaikulu m'thumba. Anthu mbali zonse ziwiri, mota pafupifupi makumi awiri, utsi, mphepo yolowa m'mafupa. Awiri oyamba anali atathamanga kale. Idrisse anali akumanga chisoti. Ndinakaima kutsogolo kwa tayala lake.

Ndinanena mokweza, kuti ndisapeze pobwerera. Kuti ndinawotcherera ndi maeletirodo achinyezi. Kuti ndinaona akulavula koma ndinapitiriza chifukwa ndinali nditapsa mtima. Kuti benchi ya tsiku lomwelo yathyoka kale.

"Chokani alamu, mukudzichititsa manyazi."

"Ndiimenye katatu ndi nyundo iyi. Ikapirira, thamanga, ndipo sindidzanenanso kanthu."

Anayang'ana kumbali, kufuna woti amuthandize. Woyankha anali Casimiro. "Mulole amenye. Yabwino siiopa nyundo."

Tinaigoneka pa udzu. Koyamba kunangouluka penti. Kachiwiri palibe chinachitika, wina n'kuimba likhweru. Sindinadziwe chomwe ndinkapempha, kuti ipirire kapena ithyoke. Kachitatu kulira kwake kunasintha. Mng'alu woonda ngati tsitsi, kudutsa mzere wonse wakumanja. Casimiro analowetsamo chikhadabo.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Felisberto, amene ndinamuwotcherera mota mwezi watha, anachoka pagulu mwakachetechete n'kukanjuta kumbuyo kwa yake.

Tinaikankha mpaka ku Lulimile, maola awiri, iye ku chiwongolero, ine kumbuyo. Pa chitunda chomaliza anaima kundidikira ndipume, koma osatembenuka.

Titailowetsa mu shedi anati, "Mawa ndi sikelo ya Sumaia. Ndilinso ndi anthu a mbatata m'mawa."

Ndinatulutsa makiyi a mota yanga yakale, yomwe inali mu shedi momwemo. Ndinamuuza atenge, akhale nayo mpaka yake ipeze foloko ina, ya kutalika kwake kwa kale. Za kutalika sanatsutse. Anaizungulira mota yanga kamodzi, n'kunjuta kumbuyo. Pa foloko pali mzere wakale, mbali ya tcheni.

"Apa munawotcherera ndinu?"

"Ine. Chaka chatha."

Anatambasula dzanja, koma osati ku makiyi. Ankafuna nyundo.

Ndinamupatsa.