Kope la Nambala 19 la Malume Hezekiah

Unit A, Seke
Chitungwiza
8 Julaye 2012

Okondedwa Achemwali Felista,

Ndikhulupirira kuti munafika bwino ku Mulanje ndipo miyendo ija yasiya kutupa. Nanga alamu ndi ana ali bwanji? Ife kuno tili bwino, kungoti magetsi akuzimazimabe monga munawasiyira.

Achemwali, ndili ndi mlandu, ndipo ndausenza chiikireni maliro a malume Hezekiah.

Inu munkawadziwa ngati a Dokotala ophunzitsa ku yunivesite. Ine ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi zinayi, ndikuwayezera asidi ndi kuwalembera zotsatira. Moyo wawo wonse ankafufuza chinthu chimodzi: chimene chimapha msanga batire la sola kuno kotentha. Anapeza kuti ukasakaniza makala a zitsononkho ndi mtovu wa m'batire, limakhala zaka zambiri. Ophunzira awo ali ku Joni ndi ku Lusaka, koma ntchitoyi anaisiya isanathe. Zonse zili m'makope makumi awiri ndi atatu, ndipo manambala a pachikuto ndinalemba ndine.

Kuchipatala malume anandigwira dzanja n'kundiuza kuti makopewo asasiyane. Ndinavomera.

Tsiku logawa katundu munalipo. A Jasper, amene banja linawasankha kuti agawe, atamaliza malaya ndi nsapato anatsegula bokosi la makope lija n'kunena kuti aliyense atengeko kope limodzi, nzeru za malemu zilowe m'nyumba iliyonse. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali pamphasa pomwepo. Ndinaopa kutsutsa munthu wamkulu pagulu. Chimene ndinatha n'kulemba kuseri kwa pepala la nyimbo dzina la aliyense ndi nambala imene watenga.

Miyezi iwiri tsopano ndikuyenda khomo ndi khomo. Azakhali a ku Zengeza anandikalipira kuti cha malemu chikagawidwa sichibwerera, n'kundifunsa ngati ku koleji amaphunzitsanso mwano. Ndinagwada, ndipo kope lawo ndinalikopera lonse pamanja iwo akundiyang'ana. Shuvai, mwana wa a Jasper, ndinam'peza pa msika wa Chikwanha akukulungira mtedza m'masamba a nambala 7. Anandiyankha m'Chishona, uku akuseka, kuti pepala la asekuru, kunena malemuwo, ndi lolimba, silibooka ndi mafuta. Ndinagula mtedza wa madola atatu kuti ndipulumutse masamba khumi ndi limodzi.

Pano ndasonkhanitsa makumi awiri ndi awiri. Latsala lanu, nambala 19, ndipo m'menemo ndi mmene analemba kutentha kootchera zitsononkhozo ndi muyeso wa makala ake. Ndayesa kungoyerekeza. Mabatire atatu atupa, limodzi landiboolera siketi. A Dokotala Moreblessing, amene anaphunzira kwa malume, andipatsa malo mu labu yawo mpaka Okutobala. Mweziwo ukatha alowamo ena.

Sindikukulandani gawo lanu, achemwali. Ndikupempha kuti mundibwereke. Mulikulunge mu pulasitiki kawiri, osalipinda, ndipo mukalipereke m'manja mwa a Abednego, aja oyendetsa basi ya ku Harare, osati kwa kondakitala. Ndidzalibweza ndekha. Ngati alamu aona kuti n'kulakwira mwambo, sindikangana nawo. Ndibwera mu Ogasiti kudzera ku Tete, ndidzalikopere pakhonde panu.

Ngati ana ang'ambamo kale, musandibisire poopa kuti ndidwala ndi nkhawa. Mungondiuza masamba amene asowa. Zitsononkho ndatola matumba awiri, ndipo ndiziotcha pang'onopang'ono, kutentha uku ndi uku, mpaka ndifike pamene malume anafika.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa amayi a mvano amene munabwera nawo kumaliro. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Elsie